Laisensi Yoluka Tsitsi

Lolemba, 7 Meyi 1984
Kalata ya boma yafika. Akuti akazi anga asiye kuluka anthu tsitsi pano pa Falls Church, tauni ya ku Virginia kuno ku Amereka, mpaka atapeza laisensi. Laisensi yoluka tsitsi! Munthu anayamba kuluka ali Sitandade 2. Makasitomala a Loweruka ali pachiswe. Akazi angawo ndawauza asade nkhawa, digiri yanga ndi ya ndale. Pofika Lachisanu lamuloli likhala litasintha.

Lachiwiri, 8 Meyi
Suti, tayi, sitima. Ndili ku Washington, ku nyumba ya malamulo ya dziko lonse. Mlembi wa phungu akumvetsera mwaulemu, kenako: "Bambo, za tsitsi si zathu. Pitani ku Richmond." Ati pano amakamba za mizinga ndi misonkho, zinazo steti iliyonse ili ndi nyumba yakeyake. Nyumba makumi asanu! Kwathu lamulo likatuluka ku Zomba ndi lomwelo, Nsanje mpaka Chitipa. Zimenezi ndinalembapo mayeso, n'kukhoza. Ndinkayesa ndi zam'buku chabe.

Lachitatu, 9 Meyi
Richmond. Nyumba ya malamulo ya Virginia: mipando yokhayokha! Mlonda: "Anaweruka mu Malichi. Mubwere Januwale." Aphungu onse ali kwawo, wina akulima fodya, wina akugulitsa inshuwalansi. Wa dera lathu ndi dokotala wa mano. Mano!

Lachinayi, 10 Meyi
Kuti ndiwaone aphunguwo ndalembetsa ngati wodwala. Akufotokoza ine ndili kukamwa yasaa:
bilu ikhale ya nkhani imodzi yokha;
ipite ku komiti;
idutse nyumba ziwiri;
asaine bwanamkubwa;
masiku akatha isanadutse, yafa, mudzayambirenso.
Ndayankha kuti "aaa". Dzino limodzi latsala komweko.

Lachisanu, 11 Meyi
Alamu a ku Wheaton, ku Maryland, pafoni: "Azidzalukira kuno." Ndafufuza. Maryland ili ndi lamulo lake, ndipo ku likulu lake, Annapolis, nakonso aphungu anatseka mu Epulo. Nanga mu Washington mwenimweni? Malamulo awo amakayamba aunikidwa ndi anthu a mizinga aja!

Loweruka, 12 Meyi
Makasitomala tawabweza. Akazi anga alembetsa sukulu yokonza tsitsi: kuwongola ndi mankhwala, kudaya, kupotokola ndi chitsulo chamoto. Kuluka saphunzitsako! Abwerako ndi mabotolo. "Bambo a digiri, khalani apa. Ndikufuna mutu woyeserera."

Lamlungu, 13 Meyi
Mutu ukuyaka. Tsitsi theka lagona, theka laima njo. Kutchalitchi ndalowa ndi chipewa. Mkulu wa mpingo, wa ku Lusaka: "Chosani chisote, mudala." Ndavula. Kwaya yalekeza nyimbo pakati.
Mawa akuti ndi phunziro la kudaya. Ndangopempha kuti utoto wake usakhale wofiira.