Benchi Lomwe Linakakamira Apongozi

Mpaka lero apongozi anga aamuna ndikawauza kuti akhale pansi, amayamba andiyang'ana kaye. Sindiwadandaula, ndinaziputa ndekha.

Tsiku lina ndikukapereka nsomba ku loji ina ku Senga Bay, ndinaona matebulo opangidwa ndi matabwa a maboti akale, penti yosuluka, mabowo a misomali ali poyera. Alendo ankawasisita ngati khanda. Pompo ndinakumbukira boti la malemu amalume lomwe linkangowola pamchenga, pafupi ndi pomwe timayanika usipa.

Ndinaliphwasula n'kukhoma benchi (ukalipentala wanga ndi woonera, sindinaphunzire kwa munthu). Akazi anga anati ndiyambe ndapala matabwawo. Ndinawayankha kuti kukongola kwake ndi ukale womwewo, iwo za fasho sazidziwa.

Loweruka lake apongozi anatulukira kuchokera ku Lifuwu. Anali pa ulendo wa ku ukwati ku Khombedza, komwe iwo anali ankhoswe, ndipo anatchena buluku loyera mbee. Unali mwezi wa Okutobala, benchi litakhala padzuwa m'mawa wonse. Ndinalikokera pansi pa mtengo wa mango n'kuwakhazikapo monyadira. Anamwa thobwa, tinacheza za mpunga, ine ndikulongosola mbiri ya thabwa lililonse.

Nthawi yonyamuka itakwana anadzuka, benchi nalo linadzuka. Anakhalanso. Anayesanso mwakachetechete, benchi osawasiya.

"Bambo a Chikondi," anandiitana motsitsa mawu, "mpando wanuwu wandikonda."

Phula lomwe asodzi amamata m'ming'alu ya boti linali litasungunuka. Ine ndinagwira benchi, akazi anga anakoka bambo awo manja, kenako kunangomveka kuti kwee! Kumbuyo konse kwa buluku kunatsala pathabwa.

Mkamwini zikatere amayang'ana kuti? Ndinayang'ana m'mwamba, ngati ndawaona koyamba mango a pakhomo panga. Mabuluku anga sanawakwane (iwo ndi athupi, ine ndine bango). Anakwera kabaza atamanga chitenje cha mwana wawo mpaka pakaunjika ku Salima, ndipo ku ukwati anafika anthu ali pa perekaniperekani, mawu awo atalankhula kale wina.

Benchi lija ndinalipala, pano ndi lokongola zedi, kungoti okhalapo ndi nkhuku zokha. Akazi anga amati ndaphunzira kumva zonena anzanga. Ine chomwe ndatolapo n'chakuti mpando watsopano uziyamba wakhazikapo mlamu.