Nyali za Boti la Abwana

Lolemba

Ganyu wapezeka! Abwana amene ndimawatchetchera udzu ali ndi boti la matanga kudamu. Akuti nyali zake zakale zimamaliza batire, akufuna za LED. Zikayaka pofika Lamlungu, ntchito yoyang'anira botilo ndi yanga, ya pamwezi. Andifunsa ngati ndimadziwa zamagetsi. Mmalawi ku Joni sayankha kuti sindidziwa, ndiye ndavomera. Ine wa ku Dedza, madzi ndimadziwa a m'ndowa.

Ndamasula zakale: zam'kati, yofiira ya kumanzere, yobiriwira ya kumanja. Yapamwamba pa mlongoti ndangoiyang'ana. Abwana akuti, "Zakalezo ukataye."

Lachiwiri

Kutaya nyali zoti zikuyaka? Ku Bapong kuno anthu akuunikira kandulo, chonsecho mabatire agalimoto ali nawo. Ndagawa:
yofiira kwa a Chisale, mkulu wa mpingo wathu;
yobiriwira kwa Che Jafali a ku Mangochi, akuti mtunduwo amaukonda;
zam'kati kwa mayi eni mkhukhu, kanyumba ka malata kamene ndimachita lendi.
Lero ndikuyenda ngati tchona wobwera ndi galimoto. Aliyense akundipatsa moni ndi manja awiri.

Lachitatu

Ndamanga za LED zam'kati. Zii. Kutembenuza mawaya, zayaka mbee. Ndisanamalize kuseka, wailesi ya m'boti yayamba kulira ngati mvula pa malata. Kuzimitsa nyali, yatonthola. Kuyatsa, yayambanso. Wailesi imeneyi ndi yoitanira thandizo boti likamamira.

Lachinayi

Tsiku la mlongoti. Mlonda wa padamu akundikokera m'mwamba ndi chingwe. Chikwama cha nyali zatsopano zotsala ndachibereka, chifukwa ku Joni chikwama sasiya pansi. Pamwamba mphepo, boti likugwedezeka. Ndatsegula ndi dzanja limodzi, lamba wapulumuka. Yofiira, yobiriwira, yoyera, zonse phava m'damu! Namasupuni watseka pamwamba ngati sipanagwe kanthu.

Mlonda akuti, "Eish, Malawi."

Lachisanu

Abwana aimba foni. Za wailesi ndawauza. Za chikwama ndawabisira. Akuti, "Ngati zakale zikadalipo, bwezera zomwezo kaye. Lamlungu ndili ndi alendo." Ndayankha kuti zilipo. Si bodza, zilipodi. Zili m'nyumba za anthu.

Munthu amayamba bwanji kulanda chinthu choti anapereka yekha, anthu akuona?

Loweruka

Ndalimba mtima, ndikukazitenga.

Kwa a Chisale: amayi akudandaula kuti nyali yofiira pakhomo pa mkulu wa mpingo ikuyankhulitsa anthu. Mwayi wanga! Ndisanatsegule pakamwa, a Chisale awadzudzula: "Mphatso sainyoza, mayi." Kenako andipempherera, kutchula dzina langa ndi la bambo anga.

Kwa Che Jafali: tiyi, mandasi. Nyali aikhomerera kudenga, ana akuwerengera pomwepo, nkhope zonse zobiriwira. Akuti mbiri yanga yafika kale ku Mangochi. Ndafunsa za thanzi la amayi awo, ndatsanzika.

Mayi eni mkhukhu, amene sanandisekererepo chifikireni, andiitana "ngwanaka", mwana wanga. Ndawathandiza kukweza nyali ina kukhitchini.

Ndabwerako mimba yodzaza, manja lendelende.

Lamlungu

Abwana ndawauza zonse, pamaso pa alendo awo. Sanakalipe. Angopereka makiyi a boti kwa mlonda uja, amene akuti amadziwa zamagetsi. Nayenso akunama, ndamuona m'maso. Ine ndabwerera ku udzu.

Madzulo ano ndakhala pakhomo. Kumanzere kwa a Chisale kuli psuu, kumanja kwa Che Jafali kuli biriwiri, mkhukhu wanga uli pakati ngati boti losapita kulikonse. Ndangozindikira tsopano kuti pogawa paja sindinadzisungireko ngakhale imodzi.

Ndipite kwa Che Jafali ndikabwereke kandulo. Iwo sakuifunanso.