Nyumba ya munthu wa ku Joni

Anzanga akandifunsa za bizinesi yogula nyumba, kuikonza n'kuigulitsa, ndimayamba ndatsokomola. Ndinaichitapo kamodzi kokha, ndipo sindinagulitse ngakhale chitseko.

Nditapuma uphunzitsi ku Manyamula ndinalandira penshoni yanga. Pa Boma la Mzimba pali nyumba zambiri zosamaliza: makoma aima, malata alipo, koma mawindo anatsekedwa ndi njerwa. Ine ndinati apa ndiye pali ndalama.

Bambo wina wovala jekete, a Wyson, anandionetsa imodzi ya zipinda zitatu.

"Adada, iyi yanditopetsa chomene," anatero. "Mbwenu tengani, mtengo tigwirizana."

Makiyi anali nawo. Analinso ndi pepala lodinda (magalasi ndinaiwala kunyumba, ndipo mphunzitsi wamkulu ngati ine sindikanapempha munthu kuti andiwerengere). Mkazi wanga anati tikafunse kaye ku khonsolo. Ndinamuyankha kuti kufunsafunsa kumachedwetsa, ena atilanda. Ndinalipira tsiku lomwelo, pepala lija n'kuliponya m'sutikesi.

Ndalama zotsala zinapita ku pulasitala, matailosi, siling'i ndi chimbudzi cha madzi. Miyezi inayi ndinkafika m'mamawa, nditapachika tepi yoyezera m'chiuno. Mayi wa nyumba yoyandikana ankandilonjera tsiku lililonse.

"Yewo a kontilakitala, mukugwira bwino!"

Ine ndinkangoti akundilemekeza, mpaka ndinayamba kuyenda mwachikontilakitala. Sindinawafunsepo kuti akuganiza kuti wandilemba ntchito ndani.

Mu Disembala ndinapeza wogula, mayi wamalonda wa ku Embangweni. Ndili mkati momuonetsa khitchini, panja panaima galimoto ya nambala za ku Joni, ikukoka ngolo yodzaza ndi mipando. Munatuluka bambo wojintcha, mkazi wake ndi ana. Analowa osaodira, nayamba kusisita matailosi, misozi ikulengeza.

"Mng'ono wanga Wyson wandidabwitsa," anatero. "Ine ndimati ndalama zanga akungodya. Adada, mmisiri ndinu?"

Anandikumbatira mwamphamvu.

"Ayi, ine ndine mwini nyumba," ndinayankha ndili m'khwapa mwake.

Anandisiya. Mayi wogula uja ananyamula chikwama chake osatsanzika.

Madzulo ake ndinavala magalasi. Pepala lija linkanena momveka bwino kuti nyumba ndi ya a Bonface, bambo wojintchayo, ndipo a Wyson ndi ongoyang'anira. A Wysonwo anali atakwera basi ya ku Joni sabata yomwe ndinawalipira. Abale awo anasonkhana, anandipepesa mwaulemu wonse, nati a Wyson akabwera tidzakambirana. Sanabwerebe. Zaka makumi atatu za choko zinathera m'nyumba ya eni, ndipo ndinalira ngati mwana.

Choncho malangizo anga ndi awa. Makiyi si umwini. Pitani ku khonsolo, funsani anthu oyandikana nawo, ndipo ngati mwini wake ali ku Joni, lankhulani naye mumve mawu ake musanatulutse kwacha imodzi.

Mu Febuluwale, mvula ili pachimake, a Bonface anandiimbira foni.

"Adada, ndapota, kuchipinda kwa ana kukudontha. Ntchito yanu ija simunamalize bwino."

Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinadula foni, ndinazungulira pabwalo kawiri. Kenako ndinakumbukira siling'i yanga ija, mmene inganyowere n'kuchita mawanga. Ndinakabwereka makwerero, ndipo misomali ndinagula ndekha.