Suti ya Bulangeti pa Ukwati wa Lusungu

Anzanga, pa msika wa Mzimba palibe amene anandigulitsapo kanthu pa mtengo woyamba. Kaya ndi nyemba, kaya matabwa, kaya mbuzi, munthu akangotsegula pakamwa ine ndimayamba ndaseka, chifukwa mawu oyamba a munthu amakhala ongoyesa dala. Nzeru imeneyi yandidyetsa zaka zambiri, koma ndi yomweyinso inakandiphika ngati mbatata kwa Apwitikizi.

Mwana wanga Lusungu ndi namwino ku Ulaya, ndipo anapeza mwamuna komweko, Mpwitikizi. Ukwati anauika mu Julaye. Adokotala anawaletsa mayi ake kukwera ndege chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndiye woimira banja lonse ndinatsala ine. Pa foni mwanayo anandipempha chinthu chimodzi: "Adada, ndapota, akuchimuna akakuoneni kuti ndinu munthu wolemekezeka, musakandichititse manyazi. Ndipo za majekete zisiyeni, kuno kukutentha chomene."

Kukutentha? Mu Julaye? Ku Ulaya? Kuno kwathu Julaye ndi mwezi umene ngakhale galu amakana kuchoka paphulusa, nanga kuli bwanji kwa azungu kumene madzi amauma gwa ngati mwala? Ndinati awa ndi mawu oyamba, mwana akungondinyengerera kuti ndisaope ulendo.

"Awiske Lusungu, tamufunsaninso mwanayo," anatero mkazi wanga.

"Mwana wobala ndekha andiphunzitse nyengo?"

Ndinanyamuka kupita ku Luwawa, kwa mnzanga wocheka matabwa, kuti thupi likazolowere chisanu. M'mawa uliwonse nkhungu ili tolo m'mapaini, ine ndili m'mbali mwa damu, kudzithira madzi ozizira, mano ali gwegwegwe. Anyamata a macheka ankaima ndi kufunsana ngati madalawa achita kuwatuma kwa sing'anga. Ndinabwerako ndi chimfine, koma ndinati bola, maphunziro alowa.

Kenaka ndinatenga bulangeti langa la ku Joni, lolemera ngati thumba la simenti, lokhala ndi chithunzi cha kambuku, n'kupita nalo kwa telala kuti asoke suti. Telalayo analitembenuza uku ndi uku. "Nanga mutu wa kambukuyu ukhale pati, bwana?" Ndinati paliponse pamene ungakwane. Unakakwana kumbuyo kwa thalauzi, diso limodzi mbali ino, lina mbali inayo. M'chikwama sindinaikemo chovala china ayi, ndinadzazamo mabulangeti a mphatso, poti ndinkawamvera chisoni anthu okhala m'chisanu.

Nditafika kwa Apwitikizi kuja, chitseko cha bwalo la ndege chitangotseguka, ndinaganiza kuti ndalowa mu uvuni wa njerwa. Dzuwa lili phwee, anthu ali m'makabudula, agogo enieni mawondo pamtunda! Ine ndili mu suti ya bulangeti, m'kati majuzi, pamutu chipewa chaubweya.

"Adada! Mwavwara vichi?" Lusungu anafuula, Chichewa chitamuthawa.

Pambali pake panali mkamwini wanga ndi bambo ake, asewere anga, mkulu wa dazi wovala patapata. Asewerewo anandiyang'ana thukuta likutsika ngati mvula ya padenga, n'kufunsa ngati ndikudwala malungo. Kodi inu mukanatani? Munthu wamalonda savomera pagulu kuti wagula chinthu chowola. Ndinakhosomola, n'kunena mwaulemu wonse: "Uwauze kuti ndi mwambo wa kwathu ku Mzimba. Pa ukwati akuluakulu amafunda bulangeti, chifukwa thukuta la makolo ndi limene limathirira banja latsopano."

Lusungu anatseka pakamwa, kukana kumasulira bodza. Koma tsoka sasimba, mkamwiniyo anali ataphunzira Chichewa mwakhama kuti adzandisangalatse, ndipo anamasulira zonse, nkhope ili ngwee. Kunyumba nditagawa mphatso zija anthu anazilandira ndi manja awiri, azakhali ena mpaka misozi.

Tsiku la ukwati Lusungu anandibwerekera suti yopepuka, ndipo ndinati Mulungu wandikumbuka. Ndikumanga tayi, ndinasuzumira pawindo. Mayo ine! Pabwalo panali mtundu wonse wakuchimuna, amalume, azakhali, agogo a pa njinga ya olumala, aliyense atadzikulunga m'bulangeti, ena atachita kuyalula pabedi. Anaima chilili padzuwa kudikira mwini mwambo. Ndikanatuluka bwanji ndi kasuti kamphepo? Ndinavula, n'kubwerera mwa kambuku wanga.

M'tchalitchi munali ngati mwa odwala. Wansembe akuwerenga, ife tikuchucha. Pogwada, amene anali kumbuyo kwanga ankapemphera akuyang'anizana ndi chilombo. Lusungu, mu diresi lake loyera, anacheuka kamodzi kokha, ndipo diso limenelo ndinalidziwa, ndi la mayi ake.

Titatuluka, asewere anandiyandikira atafiira ngati tomato wa ku Jenda, akupumira m'mwamba, atagwira mkono wa mwana wawo kuti awamasulire. Mkamwiniyo anati: "Adada, bambo akufunsa mwaulemu, kodi mwambo ungalole kuti tivule tsopano, poti tchalitchi chatha?"

Chipulumutso chinabwera chokha, anzanga, chongofuna kuti ndinene yewo. Koma pakamwa pamene pazolowera msika sipadikira mutu. Ndinangomva mawu anga akutuluka: "Aaa, zachepa zimenezo. Awonjezere pang'ono, mpaka dzuwa litalowa."

Ndinkadikira kuti anenerere, ati mpaka tijambulitse, ine nditi mpaka tidye, tikumane pakati monga amachitira anthu. Mkuluyo anangowerama, n'kundigwira chanza, n'kuvomera. Mtengo woyamba! Ndipo pamenepo mkamwini anandinong'oneza kuti kwawoko mu Julaye dzuwa limalowa nthawi imene ku Mzimba tadya kale, tatseka zitseko.

Lusungu anandikhululukira patapita miyezi, atandilumbiritsa kuti mwambowo unathetsedwa ndi boma. Ine lumbiro langa n'lina: sindidzanenereranso ndi munthu wosadziwa kukana, ndipo mwana akadzati kukutentha, mbwenu kukutentha.