Tsiku Limene Ndinapenta Ampulifaya ya Che Amadu

Mpaka lero ndikamva fungo la penti mtima umandiwawa, ndipo ndikukanabe kuti kulakwa konse kunali kwanga.

Zaka zimene abale athu a ku Mozambique ankathawa nkhondo, ine ndinali ndi kakhumbi kokonzerapo mawailesi pamsika wa Mangochi. Tsiku lina kunabwera Che Amadu, bambo wachikulire amene kale ankaimba gitala m'hotela ya Apwitikizi kwawoko. Pothawa anasiya mbuzi, anasiya mipando, koma ampulifaya ya gitala anaisenza mpaka kudutsa nayo pa malire a Chiponde. (Akazi awo sanawakhululukire.)

"Mwanangu," anatero, "kuli mzungu wothandiza othawa nkhondo, nayenso ndi wagitala. Akubwera Loweruka kudzaiona. Akaigula ndipeza njinga, ndizipita ndi usipa kumalire, ana asamangodikira ufa wogawa. Iwe ungoipukuta fumbi basi."

Fumbi lokha? Ine katswiri wamkulu? Chinthucho chinali chomvetsa chisoni: nsalu yakutsogolo itafiira, makona atanyuka. Ndinadziuza kuti mzungu sangagule chinthu chooneka ngati chatoledwa kudzala. Ndinaganiza zowathandiza bambowa mwakachetechete, adzandithokoze pambuyo.

Ndinayamba ndi kapepala kachikasu komatidwa mkati, kokhala ndi chidindo cha zilembo ziwiri. Ndinakapala ndi mpeni mpaka thabwa kuyera. Nsalu ija ndinaing'amba n'kuikapo sefa ya pawindo yatsopano. Sipikala inali ndi timanambala m'mbali ndipo inkaoneka yotopa, choncho ndinaikamo ya wailesi yakaseti, yakaleyo n'kuiphwanya kuti ndichotse maginito otolera timisomali. Thiransifoma ndinaipaka siliva, manambala ake onse osaonekanso. Kunja ndinathira penti yobiriwira yotsala pa boti la mlamu wanga. (Ndinapaka kawiri. Sindichita ntchito yachinyengo ine.)

Loweruka Che Amadu anafika limodzi ndi mzunguyo. Bambo aja ataona ampulifaya yawo anagwira pakamwa, ine n'kumati achita chidwi.

"Ndi ya chaka chanji?" anafunsa mzungu m'Chichewa chake chopunthwapunthwa.

"Yatsopano, bwana!" ndinalumphira. "Ya chaka chatha chomwechi!"

"Wallahi, bodza!" anakuwa Che Amadu. "Ndinkaimbira imeneyi Apwitikizi asanachoke!"

Ndinawaponda chala kuti akhale chete, poganiza kuti akuwononga malonda.

Mzunguyo anagwada, n'kusuzumira mkati nthawi yaitali. Kenako anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akupepesa maliro. Akuti kufakitale ankadinda zilembo ziwiri pa kapepala: choyamba chaka, chachiwiri mwezi. Pa sipikala ndi pa thiransifoma ankalembapo sabata ndi chaka chimene zinapangidwa. Ngakhale mtundu wa nsalu ankausintha pakapita zaka. Zonsezi zikagwirizana, kwawo anthu amachita kulimbirana, chifukwa zakalezo ndiye zolira bwino.

"Kapepala kali kuti?"

"Ndinakachotsa. Kanali kauve."

"Sipikala?"

Ndinaloza maginito, timisomali titakangamira.

Anaimirira, napukuta maondo, nati popanda zimenezo sangadziwe chimene akugula. Anakwera galimoto, uyo wapita.

Tsono tandiuzeni inu owerenga, ndani akanadziwa? Kuno boti lakale mtengo umatsika, ukonde wakale umatsika, wailesi yakale ndiye osanena. Ndi dziko lanji limene anthu amathamangira chinthu chifukwa chatha ntchito? Munthu wawononga masiku atatu, penti yabwinobwino, sefa yogula yekha, wina n'kumalirira kapepala kodyedwa ndi mphemvu! Zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe.

Che Amadu sanakalipe, ndipo zimenezo ndiye zinandiopsa. Anaisisita ampulifayayo pamwamba, penti n'kuwamata m'manja chifukwa inali isanaumitsitse. Kenako anayenda kupita pa mtengo wa mango pamene ndinatsamiritsa njinga yanga, imene ndinali nditangogula kumene, mapepala akadali pa chimango.

"Nanga iyi ndi ya chaka chanji, mwanangu?"

"Yatsopano, bambo," ndinayankha.

"Eya. Ineyo ndili ngati iwe, ndimakonda zatsopano. Ampulifaya utsale nayo, poti waikongoletsa."

Analiza belu kawiri n'kupalasa kulowera ku Chiponde, msika wonse ukuonerera, ndipo palibe ngakhale mmodzi anandiikira kumbuyo.

Ndinayenda wapansi zaka ziwiri. Masiku ano munthu akati "ungopukuta fumbi", ndimamufunsa katatu, ndipo chitini cha penti ndimakachisiyiratu kwa mlamu, chifukwa manja angawa sindiwakhulupirira.