Nkhondo ya Bwato ndi Nkhafi pa Kalavati wa Kalikiliki

Tcherani khutu, inu amene munabadwa malaiti atazolowera kale kuthima, mumve za chaka chija kwacha inagwa chagada ngati chidakwa, mafakitale atasanduka matchalitchi, ufa ukugulidwa m'timapepala ngati mankhwala, ndipo galimoto yotola zinyalala itasanduka nthano yosimbira ana. M'chaka chimenecho munabuka nkhondo pa kamtsinje kolekanitsa Kalikiliki ndi Mtendere, nkhondo imene a nyuzipepala sanailembe chifukwa panalibe chakudya chamasana.

Kutsidya la Kalikiliki kunali Ba Moven Daka, Njati ya ku Katete, Mlonda wa Kalavati, iwo amene anatumikira fakitale ya mabulangete zaka makumi awiri n'kutulukamo ndi chifuwa chokha. Nyumba yawo inali yomalizira, pamene kamtsinje kamalowa m'kalavati pansi pa msewu. Tsono anthu a kumtunda ali ndi mwambo wawo: mitambo ikada, aliyense amakhuthulira zinyalala zake m'madzi kuti mvula ikapereke kwa ena. Mabotolo, matewera ndi nsapato zamasiye zinkatseka kalavati, madzi n'kubwerera, n'kulowa m'nyumba ya Ba Moven osagogoda. Akazi awo, Ba Mainess, anali atalumbira kuti madzi akadzakhudzanso matiresi, iwo abwerera ku Katete, ndipo Ba Mainess sankalumbira kawiri.

Kenaka kunafika bungwe lina la anthu onunkhira sopo. Anajambula zithunzi, anagwedeza mitu mwachisoni, nasiya kabwato kachikasu ka pulasitiki, ka munthu mmodzi, kamene ankakatcha kayaki, pamodzi ndi nkhafi yake ya mitu iwiri, kuti anthu azitolera zinyalala pamadzi. Komiti ya m'deralo, yotsogozedwa ndi Amai Eneless, inakhala misonkhano itatu, ndipo poopa kuti mbali ina inganene za kukondera, inagawa mphatsoyo mwachilungamo: bwato ku Kalikiliki, nkhafi ku Mtendere.

Bwato linagonekedwa kwa Ba Moven. Nkhafi inapita kwa Ba Nkole Mwansa, Mbemba wogulitsa malasha, Ng'ona ya mtsinje wa Luapula, Wopalasa-ndi-Pakamwa, iwo amene ankati anabadwira m'ngalawa. Apa mpamene panagona tsoka, pakuti Mbemba ndi munthu wa kum'mawa ngati Ba Moven ali pachimbuya: amanyozana, amalandana, ndipo amene wakwiya ndiye wolakwa. Mlandu wotere ngakhale wapolisi amangouseka.

Tsiku lachiwiri mitambo itasonkhana, Ba Moven anaima pagombe, nakweza mawu ngati mlaliki wa pamsika.

"Imwe ba mbuya, badya-kolwe, imwe bokonda nyama ya nyani, nipaseni nkhafi. Mvula ibwela, kalavati yavala, manzi siyapita."

Ba Nkole anatuluka nkhafi ili paphewa ngati mkondo.

"Ba mudya-mbeba, bwato munaionela kuti ku Katete? Kwanu manzi mumayaona chabe mu kapu. Leteni bwato kuno kuli bene bake."

"Bwato ni ya Kalikiliki. Komiti inalemba."

"Na nkhafi inalemba. Palaseni na minutsi ya komiti."

Anthu a mbali zonse anaseka, ndipo Ba Moven anasekanso, monga mwambo ufunira, koma mano okha. M'mtima ankadziwa kuti bwato likangowoloka lidzasanduka mosungira malasha, pakuti pa zaka zawo anali asanaonepo chinthu chobwereka chikubwerera.

Motero Njati inalowa m'nyumba, inavala majombo, inatenga fosholo, n'kukokera bwato kumadzi. Ankhondo akale ankapita kunkhondo atadzola mankhwala; Ba Moven anangodzola mafuta a chifuwa. Anadzipanikiza m'kabowo ka bwato, maondo akulira, napalasa ndi fosholo kumanja. Bwato linazungulira. Anapalasa kumanzere, linazunguliranso, ngati galu wofuna pogona. Adani anawazinga: gulu la mabotolo kutsogolo, matewera kumbali, ndi nkhuku yakufa ikutsogolera ngati kazembe. Ba Moven anatambasula dzanja kuti agwire botolo loyamba la nkhondo yonseyo, ndipo dziko linatembenuka.

Anadzuka madzi akuwalekeza m'maondo, pulasitiki ili pamutu ngati chisoti. Ba Nkole anali atafika kale pamlatho ndi ufa m'manja, ndipo anawawaza kumaso monga achitira anthu a pachimbuya pamaliro.

"Tamuika mudala," analengeza. "Anafela mu manzi yamene nkhuku iwoloka na mendo. Katundu wa malemu ni wa mbuya. Bwato ni yanga."

"Kweleni kansi," anatero Ba Moven, akulavula. "Tione Luapula."

Ng'ona inatsika mwaulemu, inakhala m'bwato, inakweza nkhafi kumwamba kuti Mtendere yonse ione. Sinapalase n'kamodzi komwe. Bwato linaipereka kumadzi mofulumira kuposa mnzake uja, miyendo m'mwamba.

"Luapula yakuti?" anatero Amai Eneless ali pamlatho. "Uyu anabadwila ku Matero, muno mu tauni. Tinali kutapa manzi pa pompi imodzi na bamai bake."

Pamenepo bingu linagunda cha kumtunda, ndipo kuseka kunatha. Anthu anathamangira kwawo kukataya zinyalala nthawi isanathe. Ba Moven anacheuka. Pakhomo panaima Ba Mainess, mtolo wa zovala womanga m'chitenje uli pamapazi.

"Mbuya," anatero Ba Moven, ndipo ulendo uno mawu anali apansi, "manzi yakangena, bakazi banga bayenda."

Ba Nkole anayang'ana mtolo uja, napukuta kumaso.

"Bakayenda, nizayamba kutukana ndani pa nsima? Gwilani uko."

Ndipo ngwazi ziwirizo zinachita chimene a bungwe sanachilote. Zinayenda m'madzi ndi miyendo, zikukoka bwato ngati wilibala, zikulidzaza ndi manja, zikukakhuthula m'mbali mwa msewu. Nkhafi ya mitu iwiri inalowa m'kalavati ngati mthiko, ikutokosa, ikuvundula, mpaka panatuluka tayala, theka la mpando ndi ambulera. Paulendo wachisanu ndi chinayi kalavati anageya ngati mkulu wokhuta, madzi n'kudutsa. Mvula inagwa mpaka madzulo, madzi ananyambita sitepe ya Ba Moven, n'kubwerera. Ba Mainess anamasula mtolo, natulutsamo malaya ouma awiri.

M'mawa mwake komiti inaitanitsa mwambo wa mtendere. Panagwirizanidwa kuti bwato ndi nkhafi zizigona nyumba imodzi, sabata kuno, sabata uko, ngati ana a banja lotha. Kwaya inaimba, abusa awiri anapemphera mopikisana, ndipo Amai Eneless analankhula ola lathunthu za ukhondo. Munkoyo, thobwa la kuno, unagawidwa m'mabotolo a pulasitiki, aliyense lake, anthu mazana awiri. Atamwa, anaimirira pamlatho, naponya mabotolo m'madzi mmodzimmodzi, akuwomba m'manja.

Ba Moven anaona gulu latsopanolo likuyandama mwadongosolo kulunjika pa kalavati wawo. Anayang'ana botolo lawo lopanda kanthu, anayang'ana uku ndi uku pofuna poliika, ndipo panalibe. Analiponya nawonso, nati kwa Ba Nkole, akuganiza kale za ntchito ya mawa m'mamawa:

"Mailo mubwele kuseni. Na majombo."