Mkwati Wotsimphina pa TV Yatsopano

Lolemba

Yafika! TV yafulati, yopyapyala ngati chitseko cha kabati, yotakata kuposa zenera lathu. Ndabwera nayo pa wilibala kuchokera pamsewu, komboni yathu yonse ya Chawama, kuno ku Lusaka, ikuyang'ana. Pakhoma yakhala bwino, kungoti msomali umodzi watulukira m'chipinda cha aneba, amake Bupe. Ndikapepesa mawa.

Pulani nayi. Loweruka apongozi aamuna akubwera kuchokera ku Katete, ulendo wawo woyamba pakhomo panga. Ukwati wathu sanauone, anali gone m'chipatala ndi mwendo wothyoka, mpaka lero amayendera ndodo. Mkazi wanga Dailesi akuti atate ake akufuna chinthu chimodzi chokha: kuona mwana wawo akulowa m'tchalitchi. Inenso ndikufuna chimodzi: aleke kunditchula "uja wogulitsa machaja". Zimandiwawa. Akandiona pa chinthu chachikulu chonchi, m'suti, sangathenso kunena "uja".

Zofunika:
fulashi ya vidiyo kwa ba Kelvin, amene anajambula ukwati
nkhuku
mpando wabwino, wobwereka
magetsi (izi n'za Mulungu)

Lachiwiri

Fulashi yabwera. Ndayatsa. Kukongola kwake! Suti ikuwala, ngakhale thukuta lapamphumi likuchita kuwerengeka. Koma kamera ikangoyamba kuyenda cham'mbali kutsatira akwati, zonse gwedegwede. Mizati ya tchalitchi ikudumphadumpha. Ndiye ine! Phazi, kuima, phazi phazi, kuima, ngati ndaponda minga. Ine sinditsimphina. Sindinatsimphinepo chibadwire.

Ndaimbira ba Kelvin. Akuti: "Boi, ine ninashuta monga filimu, mapikicha twente-fo pa sekondi. TV yako ifuna sikisite. Manje gawa wekha uone ngati vikwana."

Ndagawa. Sizikwana. Ndiye TV imagwira chithunzi china katatu, chotsatira kawiri, china katatu, china kawiri, mmene kondakitala amapanikizira anthu, mpando uwu ambiri, uwo ochepa. Kutsimphina kwanga n'kwa masamu basi.

Koma masamu ndikawafotokozera apongozi? Munthu woti wangochira mwendo, n'kumuonetsa mkamwini akutsimphina m'tchalitchi! Adzati ndikuwanyogodola. 

Lachitatu

Mankhwala apezeka! Mkati mwa menyu, pansi penipeni, muli kosalalitsa kayendedwe. Ntchito yake: TV imayang'ana chithunzi ichi ndi chotsatira, n'kupeka china chapakati chimene kamera sinajambule. Bodza, koma bodza lothandiza. Ndaika pa mphamvu zonse.

Taonani mkwati! Myaa, ngati bwana akulowa mu ofesi. Ndaitana Dailesi. Ndaitananso amake Bupe, kuti aiwale za msomali.

Dailesi wakwinya nkhope. "Manje vioneka monga ni sewero. Monga sitinakwatilane vazoona." Akunena zoona pang'ono, abusa akuoneka ngati munthu wolembedwa ganyu, koma sindinavomere.

Kenaka gawo la madyerero. Azakhali a Dailesi, a Esinala, mlongo wawo wa apongozi, alowa m'bwalo chitenje chili m'chiuno. Akuvina mothamanga, TV ikulephera kupeka bwino. Manja atatu! Ndabweza. Atatu ndithu, ndipo kuzungulira mutu wawo kuli kautsi konjenjemera ngati pamwamba pa mbaula.

Amake Bupe aimirira pang'onopang'ono. "Mwazi wa Yesu! Ba neba, uyu si munthu chabe." Atuluka chafutambuyo, tiyi osamaliza.

Lachinayi

Kumpopi nkhani yafika kale, ndipo manja akwana asanu. Kumsika munthu wagula chaja n'kundifunsa monong'ona ngati n'zoona kuti kwawo kwa mkazi wanga amauluka. Dailesi sakundilankhula. Mbale akungoitula patebulo n'kumapita.

Zoyesa lero pa kosalalitsa kaja:
Kuzimitsa: ine wotsimphina, azakhali manja awiri.
Pang'ono: ine wotsimphina pang'ono, azakhali manja awiri ndi theka.
Pakatikati: tonse tili ndi mlandu.
Mphamvu zonse: ine mkwati wabwino, azakhali mfiti.

Palibe pamene banja lonse lili bwinobwino nthawi imodzi!

Ba Kelvin akuti angakonze vidiyoyi pa laputopu, koma laputopu ili kwa msuweni wawo ku Kabanana, msuweniyo ali kumaliro, maliro ake sakudziwa kuti ali kuti. Walira mvula walira matope. Pa ka TV kathu kakale ka chimsana ndikanayenda bwinobwino, palibe akanaona kanthu.

Lachisanu

Nzeru zabwera ndikusamba. Bwanji osasintha vidiyo ili mkati? M'tchalitchi mphamvu zonse, kumadyerero kuzimitsa. Vuto n'lakuti menyu ikatseguka imaphimba pakati pa sikirini, pankhope za anthu penipeni. Koma chala chikakhala chachangu palibe angazindikire.

Kumsika sindinapite. Tsiku lonse ndikuphunzitsa chala, rimoti ili kuseri kwa khushoni. Menyu, pansi, pansi, kumanja, tuluka. Ndafika poti ndikutha osayang'ana. Ndikudzinyadira.

Masana magetsi thii. Atabwerera, TV yaiwala zonse zimene ndinaiuza. Ndayambiranso.

Ndatuluka kukatenga mpando wobwereka. Pobwera ndapeza nyumba ikununkhira, chogwirira chitseko chikuterera. Dailesi analowetsa amake Bupe kuti mtendere ubwerere, iwo n'kubwera ndi kabotolo ka mafuta odzozera a kutchalitchi kwawo. Akuti: "Nadzoza chitseko, khoma, na ka rimoti maningi, chifukwa ndiye mwamene vipitila."

Ndapukuta ndi nsanza. Mabatani akuwalabe.

Loweruka

Afika. Jekete, chipewa, ndodo. Kumbuyo kwawo, thumba la nsinjiro pamutu, azakhali a Esinala! Palibe anandiuza. Amake Bupe akhoma chitseko n'kuyamba nyimbo. Anthu adzaza kumpanda, aliyense maso pa manja a azakhali. Iwo akungowabayibitsa mokondwa, akuti anthu a ku Lusaka ndi aulemu.

Tadya. Apongozi pampando wobwereka. Ndayatsa. M'mawa magetsi anathimanso, ine osakumbukira! Mizati gwedegwede. Ndithamangire menyu. Yatseguka ndendende pamene Dailesi akulowa pakhomo la tchalitchi, bokosi la zilembo pankhope pake. Chala chaterera pamafuta, chadina china chake. Mzere woyera watsika pakati pa sikirini: kumanzere gwedegwede, kumanja myaa. N'zija amaonetsera ogula m'sitolo. Ndidine kutuluka, bokosi lina. Ndidinenso, lachitatu pamwamba pake.

Apongozi akhosomola. "Inu, ndachoka ku Katete kudzaona mwana wanga. Mpaka pano ndikuona zilembo." Atambasula dzanja. Ndapereka rimoti ndi manja awiri, manyazi akundiotcha mpaka m'makutu. Yalowa m'thumba la jekete. "Khalani pansi."

Dailesi wazula fulashi n'kubwezeramo, vidiyo yayambira poyamba, mzere uli pomwepo. Iye akulowa cha kumanja, akuyandama, chophimba chake cha ukwati chikutsetsereka pambuyo. Apongozi avula chipewa. Akungopukuta m'maso ndi chala chachikulu. Inenso ndikumuyang'ana koyamba. Sabata yonse ndakhala ndikuyang'ana mizati.

Kenaka tikutuluka awiri. Iye kumanja. Ine kumanzere. Phazi, kuima, phazi phazi, kuima. Ndatsinzina kudikira chiweruzo.

"Kani nanunso munali ndi mwendo?" Apongozi amenewo, mawu achifundo! "Bwanji simunanene?"

Ndatsegula pakamwa kuti ndiyambe masamu, Dailesi wanditsina m'nthiti. "Unkavutako pang'ono," ndatero.

Azakhali avina cha kumanja, manja atatu osabisa. Eni ake agwa nako kuseka: "Achimwene, ndinkakuuzani kuti tsiku lija ndinavinira inu ndi ine ndemwe!" Alamula kuti tibwereze. Tabwereza vidiyo yonse, chifukwa chobwezera chili m'jekete.

Lamlungu

Anyamuka m'mawa. Tisanatuluke andiitanira pambali, dzanja paphewa langa. "Akamwini, ululu wa mwendo ndikuudziwa. Munthu woti waluma mano n'kuyenda tchalitchi chonse kukatenga mwana wanga, osadandaula, ameneyo ndi munthu." Andipatsa kaphukusi ka mizu konyika m'madzi ofunda. Ndalandira nditagwada. Ndakondwa, ndipo ndikudzimva ngati wakuba.

Kuwaperekeza kokwerera minibasi, iwo ndodo, ine thumba. Akuyang'ana mapazi anga. Nanga n'kutani? Ndatsimphina. Msewu wonse, pamaso pa Chawama yense wopita kutchalitchi. Amake Bupe aona, agwira pakamwa: "Vamuyamba!"

Rimoti yapita ku Katete m'jekete. Ndati ndikagula ina kumsika, Dailesi akuti: "Mukagula, na ine nikonkha atate." TV yatsala ndi mzere wake. Nkhani zamadzulo tikuonera choncho, theka la wowerenga likuterera, theka linalo lili momwe analengedwera.

Mwendo uli m'beseni la mizu, chifukwa akafika aimba kufunsa. Akuti pa Khirisimasi tipite kumudzi, akandionetse kwa abale onse, ndipo munthu wawo wa mafupa akandione. Ndisaiwale: mwendo wake ndi wakumanzere.